"Wabwera mochedwa": kumene kuchedwako kumayambira

Munthu akamwalira pa chipatala cha kumudzi pamamveka kawirikawiri mawu awiri akuti wabwera mochedwa. Namwino amawanena akuvula magolovesi, ndipo sakunama. Mayi amene wayamba kutaya magazi kwambiri atangochira angathe kumwalira pasanathe maola awiri ngati salandira thandizo, choncho akafika patapita maola asanu wachedwadi. Vuto la mawuwa ndi lakuti amasiya mlandu wonse pakhomo pa wodwalayo ndi abale ake, ngati kuti anali ndi njira yofikira msanga koma anangozengereza. Ine ndimakhulupirira kuti maola ambiri a kuchedwako anakonzedwa kale ndi anthu ena, m'maofesi akutali, mayiyo asanakhale n'komwe ndi pakati.

Titsatire maola asanu aja. Matenda amuyamba usiku, mofulumira kuposa mmene amayembekezera, ndipo wachirira kunyumba. Mwana walira bwinobwino, koma magazi sakuleka. Ola loyamba likuthera pokambirana: kodi awa ndi magazi a uchembere wamba kapena achuluka? Ndalama yolipira chonyamulira ichokera kuti pakati pa usiku? Ana enawa atsala ndi ndani? Ola lachiwiri wina wathamangira pamalo okwera kuti foni igwire, wina akugogoda kwa mnansi amene ali ndi njinga yamoto. Panjira apeza mtsinje wasefukira, mlatho unakokoloka dzinja latha, motero amunyamula pamachila n'kuzungulira kumtunda. Pa chipatala chaching'ono apezapo namwino mmodzi yekha, amene wakhala pantchito kuyambira dzulo m'mawa. Magetsi kulibe, ndiye waluma foni pakamwa kuti tochi yake iunike pamene manja onse awiri akufinya mimba ya mayiyo kuti chiberekero chilimbe. Wamubaya jakisoni woletsa magazi, wamuika dripi. Chimene chikufunika tsopano ndi kumuwonjezera magazi, mwinanso opaleshoni, koma zonsezo zili ku chipatala chachikulu cha m'boma. Ambulansi ndi imodzi ya zipatala zazing'ono zambiri, ndipo usiku womwewo yapita kwina.

Mu 1994 ofufuza awiri, Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine, anaugawa ulendo ngati umenewu m'zigawo zitatu: kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala, kuchedwa kufika, ndi kuchedwa kuthandizidwa munthu atafika kale. Kagawidwe kameneka kakugwiritsidwabe ntchito pofufuza imfa za amayi m'mayiko ambiri. Chimene anthu amakonda kuiwala ndi chakuti kuchedwa koyambako nthawi zambiri ndi mwana wa kuchedwa kwachiwiri ndi kwachitatu. Banja limene linayendapo theka la tsiku n'kukauzidwa kuti mankhwala atha silifulumira kunyamuka ulendo wina. Limawerengera zimene lidzataye ndi zimene lingakapeze, ndipo kuwerengerako kumakhala kwanzeru ndithu. Tikangolitcha khalidwe limeneli umbuli, timayamba kupanga misonkhano yophunzitsa anthu kufunika kwa chipatala, pamene iwo akudziwa kale kufunika kwake komanso akudziwa zimene anakapezako ulendo watha.

Mtunda ndiwo chinthu choyamba chimene aliyense amatchula, ndipo ziwerengero zake zilipo. Kafukufuku amene anatuluka mu 2020, wojambula mapu a dziko lonse lapansi, anapeza kuti anthu pafupifupi 9 mwa 100 alionse sangafike pa chipatala chilichonse mkati mwa ola limodzi ngakhale atakwera galimoto. Ngati ulendowo ndi wapansi, chiwerengerocho chimakwera kufika pa anthu 43 mwa 100 alionse, kutanthauza anthu opitirira mabiliyoni atatu. Kusiyana kwa 9 ndi 43 kukutiuza chinthu chachikulu: mapu a boma angasonyeze kuti mudzi uli pafupi ndi chipatala, koma kufupikako ndi kwa munthu amene ali ndi galimoto. Kafukufuku wina wa mu 2018, woona mayiko 48 a ku Africa a kumwera kwa chipululu cha Sahara, anapeza kuti anthu 29 mwa 100 alionse amakhala mtunda wopitirira maola awiri kuchokera pa chipatala chachikulu cha boma chapafupi. Maola awiri omwe aja amene mayi wotaya magazi ali nawo.

Timakonda kunena za mtunda ngati chinthu chachilengedwe, chofanana ndi phiri kapena mtsinje. Komatu phiri silinasankhe pomanga chipatala. M'mayiko ambiri amene analamulidwa ndi atsamunda, zipatala zoyamba zaboma zinamangidwa kumene kunali akuluakulu a boma, asilikali, migodi, madoko ndi minda ikuluikulu, chifukwa cholinga chinali kusamalira anthu amenewo ndi antchito awo. Misewu ndi njanji zinatsata katundu wopita kunja. Mayikowa atalandira ufulu anatengera mapu omwewo, n'kumawonjezera pamene panali kale: chipatala chimene chili ndi mabedi chimalandira bajeti ya mabedi, chimene chili ndi madokotala chimalandira bajeti ya malipiro ndi zipangizo, ndipo dera limene lilibe kanthu limalandira gawo la chimene lilibe. Bajeti ya chaka chino ikamakopera ya chaka chatha n'kuwonjezerapo pang'ono, kukondera kwa zaka 100 zapitazo kumapitirira popanda munthu aliyense wamoyo amene anakufuna. Izi zikutanthauza kuti chopinga chenicheni chili m'kamangidwe ka zinthu. Palibe amene amadzuka m'mawa n'cholinga chomana anthu a kumudzi, koma dongosolo likangoyenda mmene limayendera masiku onse, iwo amamanidwa.

Dokotala wina wa ku Britain, Julian Tudor Hart, amene ankagwira ntchito m'mudzi wa anthu okumba malasha wa Glyncorrwg ku Wales, analemba za chinthu chomwechi mu 1971 m'magazini ya zachipatala ya The Lancet. Mfundo yake inali yakuti chithandizo chabwino chimachepa kumene chikufunika kwambiri, n'kuchuluka kumene chikufunika pang'ono, ndipo zimenezi zimakula kwambiri pamene chithandizo chasiyidwa m'manja mwa msika. Iye ankaona zimenezi m'dziko lolemera lokhala ndi zipatala zaulere. Nkhaniyi siisankha dziko. Ku United States zipatala za kumidzi zopitirira 100 zatsekedwa kapena kusiya kugoneka odwala kuyambira mu 2010, ndipo maboma ang'onoang'ono a kumidzi opitirira theka alibe chipatala chochiritsira amayi. Chifukwa chake n'chosavuta kuchimvetsa. Chipinda chochiritsira amayi chimafuna azamba, wogonetsa odwala ndi dokotala wa opaleshoni usana ndi usiku, kaya mwezi umenewo mwabadwa ana 20 kapena 500. Kumene anthu ali omwazikana, mtengo wothandizira munthu mmodzi umakwera, ndipo aliyense wowerengera phindu amafika poganiza zotseka. Boma lokha limene lavomereza kuti munthu wa kutali adzalidyera ndalama zambiri, ndipo n'koyenera kutero, ndi limene lingasunge chipinda chimenecho chili chotsegula.

Apa ndi pamene pamafunika kusiyanitsa kugawa mofanana ndi kugawa mwachilungamo. Kupatsa boma lililonse ndalama molingana ndi chiwerengero cha anthu ake kumamveka bwino, koma ambulansi ya kumudzi imayenda makilomita ambiri pa msewu woipa kuti inyamule wodwala mmodzi, imatha mafuta ambiri, imathyoka msanga. Ikapatsidwa mafuta ofanana ndi ya m'tauni, imaima mwezi usanathe.

Nyumba yopanda munthu

Kumanga chipatala n'kosavuta poyerekeza ndi kupeza munthu woti akhalemo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2010 kuti ngakhale pafupifupi theka la anthu a padziko lapansi ankakhala kumidzi, kumeneko kunali anamwino 38 okha mwa 100 alionse, ndipo madokotala sankafika n'komwe mmodzi mwa anayi alionse. N'kosavuta kuwadzudzula achipatala kuti amakonda tauni. Koma taonani mmene dokotala amapangidwira. Kuti munthu alowe sukulu ya udokotala amafunika kukhoza kwambiri masamu ndi sayansi, ndipo amene amakhoza choncho nthawi zambiri ndi ochokera ku sukulu zokhala ndi labotale, mabuku ndi aphunzitsi okwanira, zimene zambiri zili m'tauni. Sukulu ya udokotalayo ili mu mzinda waukulu. Wophunzira amatha zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi akuphunzira pa chipatala chachikulu chokhala ndi makina ounikira, labotale ndi akatswiri oti n'kuwafunsa. Amakwatira kapena kukwatiwa konko. Ndiyeno tsiku lina amalandira kalata yomutumiza kumalo kumene kulibe chilichonse mwa zimene anaphunzitsidwa kudalira, kulibe ntchito ya mkazi kapena mwamuna wake, kulibe sukulu imene angafune kuti ana ake apiteko, ndipo mwayi wokwezedwa kapena wopita kukaphunzira ukatswiri umagawidwa kulikulu, kwa anthu amene mabwana amawaona tsiku lililonse. Tikadabwa kuti sanachedwe kubwerera, tikudabwa ndi chipatso cha mtengo umene tinabzala tokha.

Amene amatsalako amasenza katundu woposa mphamvu zawo. Namwino mmodzi pa chipatala chaching'ono amakhala mzamba, wopereka mankhwala, woyeza magazi, wolemba malipoti, ndiponso wodzutsidwa usiku uliwonse. Akapita kumaliro kapena ku maphunziro a sabata imodzi, chipatala chimakhala ngati chatsekedwa. Munthu wotopa chotere amalankhula mwaukali nthawi zina, ndipo mayi amene wakalipiridwa pa nthawi yochira amakauza anzake, amene amasankha kuchirira kunyumba. Sindikulungamitsa nkhanza kwa odwala, pakuti nkhanza ndi nkhanza. Ndikungonena kuti ngakhale ukali umene odwala amaudandaula uli ndi muzu wake m'kagawidwe ka antchito.

Umboni umene ulipo ndi wakuti chinthu champhamvu kwambiri chosonyeza kuti wachipatala adzakhazikika kumudzi ndi chakuti iyeyo anakulira kumudzi ndipo anaphunzirira ntchito yake kumudzi. N'chifukwa chake WHO imalimbikitsa kusankha dala ophunzira ochokera kumidzi ndi kumanga sukulu zachipatala kunja kwa mizinda ikuluikulu. Canada inatsegula sukulu yotere kumpoto kwa Ontario mu 2005. Mozambique inatenga njira ina. Madokotala ambiri atachoka m'dzikolo pa nthawi ya ufulu, boma linayamba mu 1984 kuphunzitsa achipatala amene si madokotala kuchita maopaleshoni, kuphatikizapo opaleshoni yotulutsa mwana. Kafukufuku wotsatira anthuwa anapeza kuti patapita zaka zisanu ndi ziwiri, pafupifupi 9 mwa 10 anali akugwirabe ntchito m'zipatala za m'maboma, pamene mwa madokotala amene anatumizidwa komweko pafupifupi onse anali atachoka. Mayi amene mwana wake wapingasa m'mimba safunsa digiri ya munthu wogwira mpeni. Chimene akufuna ndi chakuti munthuyo adziwe ntchito ndipo apezeke usiku umenewo.

Filiji

Pali chipangizo chimodzi chimene chimaonetsa bwino mmene umoyo wa munthu umadalirira zinthu zimene unduna wa zaumoyo sulamulira. Katemera wambiri amafunika kusungidwa pa kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Jakisoni wa oxytocin, amene ndi mankhwala oyamba oletsa kutaya magazi mayi akachira, amafunanso filiji, ndipo akakhala nthawi yaitali pamalo otentha amatha mphamvu koma maonekedwe ake sasintha. Namwino amamubaya mayi akukhulupirira kuti wamuthandiza, magazi n'kumangotulukabe. Insulini wa odwala matenda a shuga naye amaonongeka ndi kutentha. Magazi oti aikidwe mwa wodwala sangasungidwe popanda magetsi odalirika. Makina opanga mpweya wa okosijeni, amene amapulumutsa mwana wodwala chibayo, amazima magetsi akangozima. Lipoti limene WHO, Banki Yaikulu ya Padziko Lonse ndi mabungwe ena anatulutsa mu 2023 linati anthu pafupifupi biliyoni imodzi m'mayiko osauka amathandizidwa ndi zipatala zimene zilibe magetsi kapena magetsi ake ndi osadalirika. Kumwera kwa Sahara, zipatala 15 mwa 100 zilizonse zinalibiretu magetsi. Ambiri mwa malo amenewa ndi a kumidzi, chifukwa kampani yamagetsi imakoka mawaya kupita kumene kuli makasitomala ambiri olipira.

Sola yathandiza kwambiri, koma aliyense amene anayendapo m'zipatala zazing'ono amadziwa chithunzi cha mapanelo ali padenga pamene mabatire anafa kale. Wopereka thandizo amagula zipangizo, amajambulitsa pa tsiku lopereka, n'kuchoka. Ndalama yogulira batire latsopano patatha zaka zingapo siili m'bajeti ya aliyense, ndipo wodziwa kukonza ali kutali. Madzi nawonso ndi chimodzimodzi: mzamba angadziwe bwino kufunika kosamba m'manja, koma ngati mpope uli kutali ndipo ndowa yatha pakati pa usiku, chidziwitsocho sichiteteza mayi ku matenda a m'chiberekero.

Nthawi zina yankho limachokera pokonza mankhwalawo kuti agwirizane ndi malo. Mu 2018 zotsatira za kafukufuku wamkulu zinasonyeza kuti mankhwala otchedwa carbetocin, amene anapangidwa kuti asaonongeke ndi kutentha, amateteza kutaya magazi mofanana ndi oxytocin. Funso limene limandivutitsa ndi lakuti chifukwa chiyani zinatenga nthawi yaitali chotere, pamene amayi ambiri omwalira ndi vutoli amakhala m'mayiko otentha. Yankho lake limaoneka bwino pa nkhani ya njoka. WHO imati anthu apakati pa 81,000 ndi 138,000 amafa chaka chilichonse atalumidwa ndi njoka, ndipo ochuluka kuposa pamenepo amaduka ziwalo kapena kulumala. Ambiri mwa iwo ndi alimi, abusa a ziweto ndi ana a kumidzi. Mankhwala ake alipo, koma opanga ena anasiya kuwapanga chifukwa ogula ake ndi osauka, ndipo vutoli linabwezeretsedwa pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa a WHO mu 2017. Matenda amene amagwira anthu opanda ndalama ndi opanda mawu kulikulu amadikira nthawi yaitali.

Za ndalama sindichulutsa, chifukwa aliyense amazidziwa. Banki Yaikulu ya Padziko Lonse inanena mu 2020 kuti mwa anthu osaukitsitsa a padziko lapansi, pafupifupi anayi mwa asanu alionse ankakhala kumidzi. Inshuwaransi ya zaumoyo m'mayiko ambiri imadulidwa pa malipiro a pamwezi, ndiye mlimi amene amapeza ndalama kamodzi pachaka akakolola amatsalira kunja. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linapeza mu 2015 kuti anthu 56 mwa 100 alionse a kumidzi analibe chitetezo chilichonse cha zaumoyo, poyerekeza ndi 22 a m'matauni, ndipo mu Africa chiwerengero cha kumidzi chinali 83. M'zaka za m'ma 1980 mayiko ambiri osauka anakankhidwira ku ndondomeko yolipiritsa odwala m'zipatala zaboma, ndipo osauka anachepa m'zipatala. Uganda itachotsa malipirowo mu 2001, anthu anakhamukira kuzipatala, umboni wakuti chimene chinkawaletsa sichinali kusadziwa. Koma mankhwala anayamba kuperewera, ndipo ambiri ankatumizidwa kukagula okha. Ngakhale kumene chipatala ndi chaulere, ulendo si waulere. Pali chonyamulira cha wodwala ndi womudikirira, chakudya cha masiku amene agonekedwe, ndi masiku a kumunda amene atayika. Nyengo ya mvula m'madera ambiri otentha ndiyo nyengo ya malungo ndi kutsegula m'mimba, ndiyo nyengo imene misewu imaduka, ndiyonso nyengo imene nkhokwe zatha ndipo ntchito ya kumunda siingasiyidwe. Mvula ikakuona litsiro sikata.

Zonsezi zimamulemera kwambiri munthu wa matenda okhalitsa. Malungo amafuna ulendo umodzi. Kuthamanga kwa magazi, shuga, khunyu, matenda a maganizo ndi HIV zimafuna ulendo mwezi ndi mwezi kwa moyo wonse. Wodwala akalephera miyezi iwiri chifukwa chosowa choyendera amalembedwa kuti wathawa mankhwala, mawu ena oloza chala. Ndipo m'mudzi momwemo si onse amene amatalikiridwa mofanana: mayi amene ayenera kupempha chilolezo ndi ndalama kwa mwamuna wake, munthu wolumala miyendo, nkhalamba yotsala yokha, ndi munthu wa chinenero chimene achipatala sachimva, onsewa chipatala chomwecho chili kutali kwambiri kwa iwo kuposa kwa anansi awo.

Kumene zinasintha

Nkhani imeneyi si yatsopano kwa atsogoleri. Mu September 1978, nthumwi za mayiko 134 zinakumana ku Alma-Ata, mzinda wa ku Kazakhstan umene pano umatchedwa Almaty, n'kugwirizana kuti chithandizo choyambirira chifike pafupi ndi kumene anthu amakhala, ndi cholinga chakuti pofika chaka cha 2000 aliyense akhale ndi umoyo wabwino. Mu 2001 atsogoleri a mayiko a mu Africa analonjeza ku Abuja kuti azipatula 15 peresenti ya bajeti zawo kukhala ya zaumoyo, ndipo ndi mayiko ochepa okha amene anafikapo. Malonjezo alipo okwanira. Chophunzitsa kwambiri ndi kuona mayiko amene anasuntha ndalama zenizeni.

Thailand ndi chitsanzo chimene chimandigwira mtima. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, chuma chisali bwino, boma linaimitsa kwa zaka zisanu ntchito zokulitsa zipatala zikuluzikulu za m'mizinda, n'kutenga ndalamazo kukamangira zipatala za m'maboma ndi zipatala zazing'ono za kumidzi. Madokotala ongomaliza maphunziro anali atayamba kale kukakamizidwa kugwira ntchito zaka zitatu m'zipatala zaboma, makamaka za kumidzi. Pamene dzikolo linakhazikitsa ndondomeko yakuti aliyense azilandira chithandizo mu 2002, kumidzi kunali kale zipatala ndi anthu ogwiramo ntchito, moti khadi la inshuwaransi linali ndi kumene lingagwire ntchito. Ganizo loimitsa zomanga m'mizinda silikanakhala lophweka, chifukwa anthu a m'mizinda ndiwo ali ndi manyuzipepala, mawailesi ndi abale m'boma. Koma popanda kuchotsa kwina palibe chimene chikanafika kwinako.

Ethiopia inayamba mu 2003 kuphunzitsa atsikana ndi amayi ochokera m'midzi yawo yomwe kwa chaka chimodzi, n'kuwaika awiriawiri pa kachipatala ka m'mudzi. Anaphunzitsa opitirira 30,000, ndipo chofunika kwambiri n'chakuti anawaika pa malipiro a boma. Ndikutsindika za malipirozi chifukwa m'mayiko ambiri alangizi a zaumoyo a m'midzi, amene ambiri ndi amayi osauka, amagwira ntchito mongodzipereka, kulipidwa malaya olembedwa dzina la bungwe ndi kandalama ka pa msonkhano. WHO inanena momveka mu 2018 kuti anthuwa azilipidwa. N'zopweteka kuti ntchito imene m'tauni imagwiridwa ndi wolandira malipiro, kumudzi timayembekezera kuti osauka aigwirire osauka anzawo ulere, kenako n'kumadabwa akasiya.

Chitsanzo chachitatu n'cha Malawi, ndipo chikusonyeza kuti nthawi zina chopinga chimakhala m'lamulo lenileni la kaperekedwe ka chithandizo. Malangizo a padziko lonse ankati mayi woyembekezera amene ali ndi HIV ayambe wayezedwa chitetezo cha m'thupi, CD4, kuti adziwe mtundu wa mankhwala oti alandire. Makina oyezerawo anali m'zipatala zikuluzikulu zokha. Magazi ankatumizidwa kutali, zotsatira zinkachedwa kapena kusowa, ndipo amayi ambiri a kumidzi ankachira asanayambe mankhwala. Mu 2011 dzikolo linaganiza zoti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa wopezeka ndi kachiromboka ayambe ma ARV nthawi yomweyo kwa moyo wake wonse, osadikira makina. Chiwerengero cha amayi oyamba mankhwala chinakwera kwambiri m'chaka choyamba, ndipo WHO inatengera njira imeneyi m'malangizo ake. Palibe msewu umene unamangidwa. Anangolemba lamulo poganizira namwino wa pa chipatala chaching'ono m'malo moganizira chipatala chokhala ndi labotale.

Masiku ano chiyembekezo chambiri chaikidwa pa luso lamakono. Ku Rwanda, tindege topanda woyendetsa ta kampani ya Zipline tinayamba mu 2016 kunyamula magazi kupita ku zipatala za m'maboma, ndipo ulendo wa maola pa msewu wa m'mapiri unasanduka wa mphindi. Kulankhula ndi dokotala pa foni kapena pa intaneti kumathandizanso, makamaka pamene namwino wa kumudzi akufuna uphungu wa katswiri. Zimenezi n'zabwino ndipo ziyenera kukula. Koma kandege kamanyamula thumba la magazi, sikanyamula mayi. Ndipo netiweki, foni yabwino, magetsi otchajira ndi kudziwa kuwerenga zimagawika motsata mapu omwe aja a misewu ndi zipatala, choncho luso limene laikidwa popanda kusamala limayamba kuthandiza amene anali kale pafupi.

Amene salembedwa

Chopinga chomaliza n'chobisika kuposa zonse, ndipo ndicho chimasunga zinazo. Mu 2023 amayi pafupifupi 260,000 anamwalira padziko lonse pa zifukwa za uchembere, ndipo pafupifupi 70 mwa 100 alionse anali a kumwera kwa Sahara. Chiwerengero chimenechi n'choyerekeza ndi masamu, chifukwa imfa zambiri sizilembedwa paliponse. WHO inanena mu 2021 kuti imfa zinayi mwa khumi zilizonse padziko lapansi sizilowa m'kaundula, ndipo mu Africa imfa imodzi yokha mwa khumi ndiyo imalembedwa. Zotsalazo zambiri ndi za kumidzi, za anthu amene anafera kunyumba kapena panjira n'kuikidwa m'manda mawa lake.

Taganizani mmene okonza mapulani amagwirira ntchito. Amatenga malipoti a zipatala: odwala angati anabwera, mankhwala angati anatha, imfa zingati zinachitika. Chipatala cha m'tauni chimasonyeza mizere italiitali, motero chimaoneka kuti chikufunika antchito ndi mankhwala owonjezera. Chipatala cha kumudzi chimene anthu anasiya kupitako chifukwa mulibe mankhwala chimasonyeza odwala ochepa, motero chaka chamawa chimatumiziridwa mankhwala ochepa. Chiwerengero cha dziko lonse chingamatsike bwinobwino, nduna n'kulandira mphoto, pamene m'maboma ena akutali palibe chasintha, pakuti ndi malo ochepa amene amasindikiza ziwerengero zogawa tauni payokha, mudzi pawokha, boma ndi boma.

Mayi uja tinamusiya pa chipatala chaching'ono akudikira ambulansi. Ikafika n'kumutengera ku chipatala cha m'boma n'kukamwalirira kumeneko, imfa yake idzalembedwa, ndipo mwina komiti idzakhala pansi kuifufuza, n'kuona kuti anafika magazi atamuthera. Akamwalirira panjira asanafike n'komwe pa chipatala chaching'ono, onyamula machila adzangotembenuka n'kubwerera naye kumudzi. M'buku la chipatalacho, tsamba la usiku umenewo lidzasonyeza kuti sikunabwere wodwala wa uchembere, ndipo lipoti la mweziwo lidzapita kulikulu lili ndi ziro pa mzere wa imfa za amayi.